Ulendo wa ku Mille Lacs: mmene chifundo changa chinaphera nyambo

Atcheya anati lipotili ndilembe ndine chifukwa ndowa ya nyambo inali m'manja mwanga. Ndikudziwa kuti ndi chilango, koma ndachilandira. Amene simunapite nawo muwerenge mpaka pansi, chifukwa chaka chamawa ndowayo idzagwera mmodzi wa inu.

Tinanyamuka ku Minneapolis, mzinda wa m'boma la Minnesota ku America, Loweruka kusanache kukawedza pa nyanja youndana ya Mille Lacs, anthu 11 m'magalimoto atatu, kudzera msewu wa 169 wodutsa ku Elk River, Princeton, Milaca mpaka ku Onamia. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 160, maola awiri ngati msewu uli bwino. Amene anatitsogolera ndi mdala wina wa konkuno amene amagwira ntchito limodzi ndi atcheya, munthu woti wakhala akuwedza pa madzi oundana kuyambira ali mwana. Nyanja ya Mille Lacs ndi yotambalala, moti ukaima pagombe tsidya linalo limangooneka ngati kamzere, koma ndi yosazama. Malo akuya kwambiri ndi mamita 13 okha. Ine wa ku Nkhotakota, amene ndinakula ndikumva kuti nyanja yathu imafika mamita 700, ndinaseka nditamva zimenezi. Kuseka kwanga kunathera pomwepo.

Mlandu wanga unayamba Lachisanu madzulo. Pofuna kuti m'mawa tisachedwe, ndinapita ndekha kusitolo ya nyambo kukagula timinnow, tinsomba tating'ono tooneka ngati matemba, ndipo ndi achibale ake ndithu a matemba ndi usipa. Kuno sagulitsa powerenga kamodzikamodzi kapena pa mbale ngati ku Chia. Amatunga ndi kasefa, kutunga kamodzi mtengo wake, n'kukuikira m'thumba la pulasitiki momwe muli madzi pang'ono ndi mpweya wopopera. Ndinatenga mitundu iwiri: fathead, takuda tonenepa mutu, ndi shiner, tonyezimira ngati usipa wongovuulidwa kumene.

Nditafika kunyumba ndinagwira thumba lija, madzi ake ozizira ngati a m'firiji. Chisoni chinandigwira. Ndinatenga ndowa imene mayi a kunyumba amanyikamo zovala, n'kuitsukuluza, n'kuthiramo madzi a pampopi ofundirako, n'kukhuthuliramo tinsomba tonse nthawi imodzi. Ndinanyenyeramo buledi kuti tisagone ndi njala, n'kuvundikira bwinobwino, n'kuika ndowayo pafupi ndi hita. Ndinagona mtima uli m'malo ngati munthu wochereza alendo.

M'mawa theka linali litayandama, mimba zoyera zili m'mwamba. Totsalato tinali pamwamba pa madzi, tikungoyasama. Sindinauze munthu. Ndinachotsa takufato n'kuika ndowa kumapazi kwanga m'galimoto, pomwe pamatulukira mpweya wotentha. Pofika ku Onamia tamoyo tinali tosakwana khumi, ndipo shiner panalibe ndi mmodzi yemwe.

Mdala uja atavundukula ndowa sanakalipe. Anaviika chala m'madzimo, n'kununkhiza, n'kundifunsa zimene ndinachita. Pamene ndinkafotokoza iye ankapinda zala, ndipo nditamaliza zala zisanu zinali zitapindika. Safunsa anadya phula, ine ndinadyetsa anzanga.

Choyamba chinali kutentha. Achimwene amene anaphunzira za nsomba ku Bunda ndi amene anatimasulira bwino m'Chichewa tili chiimire panja pa sitolo. Madzi ozizira amasunga okosijeni wambiri kuposa ofunda: pafupi ndi ziro, lita imodzi imasunga mamiligalamu oposa 14, pamene pa madigiri 25 imasunga 8 okha. Komanso nsomba thupi lake limatsata kutentha kwa madzi. M'madzi ozizira imapuma pang'onopang'ono, sifuna chakudya, sichita chimbudzi kwambiri. Ukaifunditsa imayamba kuthamangathamanga n'kumafuna mpweya wochuluka pa nthawi yomwe mpweyawo wachepa. Ndiye kuichotsa m'madzi ozizira n'kuiponya m'ofunda mwadzidzidzi, kokhako kumapha. Madzi atsopano umathira pang'onopang'ono, kapena kuyandamitsa thumba lonse m'ndowa kwa mphindi zingapo kuti madzi awiriwo afanane kaye.

Chachiwiri madzi a pampopi. Tonse tikudziwa fungo la WaterGuard, ndipo tikudziwa kuti madzi a kulorini ukawasiya usiku wonse fungolo limatha. Koma mzinda wa Minneapolis umathira chloramine, mankhwala amene sauluka ngakhale madzi agone. Kwa ife ndi abwino kumwa, kwa nsomba ndi chiphe. Pamafunika madzi a pachitsime, kapena timadontho ta mankhwala ochotsa kulorini timene amagulitsa m'masitolo a nsomba zoweta. Chachitatu buledi uja, amene sanadyedwe n'komwe, anangovunda n'kumadya mpweya womwe nsomba zinkaulimbirana. Chachinayi chivundikiro. Chachisanu sopo, chifukwa ndowa yochapira ngakhale uitsukuluze kangati pamatsala kena kake.

Achimwenewo anandiseka kwambiri pa nkhani ya buledi. Anati kwathu komwe, alimi akamakatenga mbewu ya makumba kapena chilunguni ku Domasi, amanyamula m'mamawa dzuwa lisanatenthe, ndipo tianato satidyetsa tsiku loti mawa tinyamulidwa, kuti tisaipitse madzi m'njira. Zimene nsomba imatulutsa zimasanduka ammonia, ndipo m'ndowa yaing'ono sachedwa kuchuluka. Nzeru yake ndi yomweyo, kungoti ine nditaona ayezi ndinaiwala zonse. Ifetu tinakula tikudziwa kuti chozizira chimapha, ndipo mwezi wa Juni ukafika agogo amatikokera pamoto.

Tinagulanso nyambo zina kusitolo ya pafupi ndi nyanja, ulendo uno motsogozedwa. Mdala anatulutsa kakulabokosi kake kakale, kothimbirira, kokhala ndi kabowo pachivundikiro. Anathiramo madzi omwewo a m'thanki ya m'sitolo, n'kulowetsa kapaipi kochokera ku kapampu ka mabatire kamene kamaphulitsa tithovu pansi pa madzi. Anakana kuti tidzaze nsomba zambiri. Anatenga fathead wambiri ndi shiner ochepa, chifukwa fathead ndi wopirira, amakhala m'madambo mopanda mpweya wokwanira, pamene shiner ndi bwana, mamba ake amasupuka ukangomukhudza ndipo ndi amene amayamba kufa zinthu zikasokonekera. Kulabokosiyo inapita kubuti, kutali ndi hita ndiponso kutali ndi ine.

Za kulowa panyanja ndi galimoto ndingonena mwachidule, poti zithunzi munaziona kale. Malo amene tinachitako lendi kanyumba kowedzeramo amapala msewu pamwamba pa ayezi, umalipira pachipata n'kulowa. Boma la Minnesota limalangiza kuti munthu woyenda pansi asaponde ayezi wosakwana mainchesi 4, ndipo galimoto imafuna wochindikala kwambiri kuposa pamenepo. Tsikulo bowo lathu lowedzera, loboola pa ayezi, linaonetsa ayezi wopitirira theka la mita. Mdala anatiuza kuti timasule malamba ndi kutsitsako mawindo. Mayi msungichuma anayamba nyimbo ya kutchalitchi osapemphedwa, ndipo tonse tinavomera. Ayezi uja amalira, amachita ngati ng'oma yakutali, nthawi zina ngati chingwe cha gitala chaduka pansi pa mapazi ako. Akuti n'chifukwa choti akufutukuka ndi kukhwinyata ndi kuzizira. Ine mpaka madzulo sindinazolowere.

Kunja kunali madigiri pafupifupi 20 pansi pa ziro. M'kanyumba munali hita ya gasi, mabenchi, ndi mabowo pansi pomwe. Apa ndi pamene ndinaona kuti kusunga nyambo ndi ntchito ya tsiku lonse, chifukwa mdani ali mbali ziwiri. Ukaisiya m'kati pafupi ndi hita madzi amafunda. Ukaisiya panja, pasanathe ola pamwamba pachita chikhakha cha ayezi. Kulabokosi ntchito yake ndi imeneyo: imaletsa kutentha kulowa, imaletsanso madzi kuundana msanga. Tinaiika pansi pafupi ndi chitseko, pomwe pamazizira koma osaumitsa.

Cha m'ma 11 koloko tithovu tinasiya. Ndinathamangira kwa mdala ngati mwana wakomoka. Anayang'ana kapaipi, n'kundionetsa kachibulumwa ka ayezi kamene kanatseka m'kati, chifukwa anyamata anali atatulutsa bokosilo kupita nalo ku mabowo a panja. Anakapinda kapaipiko m'manja, n'kukauzira mpweya wa m'kamwa, tithovu tinayambanso. Mabatire nawo amafooka msanga kukazizira, choncho osinthira ankawasunga m'thumba la m'kati mwa jekete, pafupi ndi thupi. Pakapita nthawi ankatunga madzi pang'ono m'bokosimo n'kuthiramo kapu ya madzi a pabowo. Kansomba kamodzi kakangogona cham'mbali ankakachotsa nthawi yomweyo, osadikira kuti kafe n'kuwonongera anzake madzi. Ndipo dzanja sankaviika. Pali kasefa kakang'ono kotengera, chifukwa dzanja limabwera ndi mafuta odzola ndi fungo la gasi, komanso dzanja lonyowa pa kuzizira kotero si la masewera. Ine ndinayesa kamodzi, zala zinauma gwa, kulephera ngakhale kumanga zipi.

Munthu angafunse kuti chovutikira n'chiyani. Ndinafunsa ndine. Kwathu usipa umafa ukangotuluka m'madzi, ndipo amalume ankaukoleka wakufa womwewo pa mbedza zawo za kampango, nsomba n'kumagwidwa. Nyambo yolera ngati khanda sindinaionepo. Koma pansi pa ayezi madzi amakhala pakati pa ziro ndi madigiri 4, ndipo nsomba zikuluzikulu zimakhala zaulesi, sizithamangitsa chinthu patali. Palibenso bwato loyenda kapena mafunde oti agwedeze nyambo. Chingwe chimangolendewera pabowo, ndiye kansomba ako ndi kamene kakugwirira ntchito kumeneko. Kakamaphiriphitha, nsomba yaikulu yotchedwa walleye imabwera kudzaona. Kakafa, wangopachika chinthu m'madzi. N'zoona kuti ena amadula mutu wa minnow n'kuukoleka pa kachitsulo konyezimira, n'kumakagwedeza ndi dzanja, ndipo amapha nsomba. Koma pa chingwe chongotchera, chamoyo ndiye mwini nkhani.

Kukoleka kwakenso kuli ndi luso. Mbedza imalowa pamsana, pafupi ndi chipsepse cha pamwamba, kungobaya mnofu osakhudza fupa la msana. Ukabaya fupalo kansomba kamauma pomwepo. Ukakoleka bwino kamasambira chopingasa kwa nthawi yaitali. Ndipo uzichita changu, chifukwa kakakhala panja pa mphepo masekondi ochepa, maso ndi khungu zimayamba kuundana. Toyamba titatu ndinatipha ndi kuchedwa. Kachinayi ndinakaona kakutsika m'bowo kakupukusa mchira, mpaka kanazimirira m'madzi obiriwira aja.

Malamulo a Minnesota amalola zingwe ziwiri pa munthu nthawi ya ayezi, choncho aliyense wa laisensi anali ndi ndodo yaifupi m'kanyumba ndi tip-up panja. Tip-up ndi kathabwa kopingasa pabowo, kokhala ndi kambendera kopindidwa. Nsomba ikakoka, kambenderako kamadzuka. Kuona akuluakulu a mpingo akuthamanga pa ayezi atavala ngati matumba a chimanga, akufuula kuti mbendera, mbendera, kokhako kunabweza ndalama ya ulendo.

Tinapha nsomba zotchedwa perch zokwana ndiwo. Walleye tinagwira mmodzi dzuwa likulowa, nthawi imene amadya, ndipo anagwidwa pa shiner. Mdala anamuyeza n'kunena kuti sali mu msinkhu wololedwa, poti pa Mille Lacs malamulo a walleye ndi okhwima ndipo amasinthasintha chaka ndi chaka. Anabwerera m'bowo atcheya akuyang'ana ngati malipiro awo akumira. Kutada pang'ono kunatuluka eelpout, chinsomba choterera chofanana ndi mlamba, chimene chimazinga mkono ukachigwira. Anthu ambiri a kuno amachinyansidwa. Ife tinachilandira ndi manja awiri.

Pomanga katundu, m'bokosi munali mutatsala timinnow topitirira 20, tonse tamoyo, ndipo ndinanyadira ngati ndakhoza mayeso obwereza. Mayi msungichuma anati titithire m'bowo tizipita kwawo, tavutika mokwanira. Mdala anagwira chivundikiro. Ku Minnesota kutaya nyambo yamoyo m'nyanja ndi mlandu, ndipo ngakhale kubwera ndi minnow wamoyo kuchokera kuboma lina kudzawedzera kuno n'koletsedwa. Nyambo ndi madzi ake zimanyamula matenda a nsomba ndi tizilombo tachilendo. Mille Lacs yomweyi inalowedwa kale ndi tinkhono totchedwa zebra mussel, timene tinapezekamo mu 2005 ndipo tinadzaza pansi pa nyanja. Achimwene a ku Bunda anangoti, "Mayi, mukukumbuka namasupuni mu Shire?" Mayiwo anakhala chete, kenako anafunsa ngati sangatikazinge ndi tomato. Mdala atamasuliridwa anaseka mpaka kutsokomola, koma anati tinsomba ta m'thanki ya sitolo sitisungidwa ngati chakudya cha anthu. Popeza iye ankabwereranso Lamlungu, anatenga ta fathead kuti akatisunge m'galaja mwake mozizira. Tofooka tinakatitaya m'bini ya pagombe.

Ndalama ya nyambo yoyamba ija ndabweza kale kwa msungichuma, risiti ilipo. Gulu linagwirizana kugula kulabokosi yakeyake ndi kapampu, ndipo zili kwa atcheya. Mabatire ndachotsamo kuti asawole. Ndowa ya mayi a kunyumba inabwerera kuntchito yake yochapira, koma ananditsukitsa katatu.