Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Tsiku limene ndinagwira khoma ku Köln

M'gawo lapitalo ndinakusiyani ndili m'sitima yochokera ku Bonn. Ndinatsikira ku Köln, mzinda wa ku Germany, m'mawa, kukuzizira koopsa. Nditangotuluka pa siteshoni ndinaima chilili. Tchalitchi chachikulu cha mumzindawu chinali pamaso panga penipeni, chakuda bii ngati mphika wa pamoto, nsanja zake ziwiri zotalika mamita 157. Anthu ankangondidutsa ndi zikwama zawo, ine maso ali m'mwamba.

Bambo anga anali mmisiri womanga nyumba, ndipo akafika pa nyumba yachilendo ankayamba agwira khoma asanapereke moni. Nanenso ndinangopezeka ndavula gulovesi, ndikusisita mwala wozizira, chala chikutsata mzere umene miyala iwiri inakumanirana. Munalibe polowa ngakhale mpeni.

M'kati munali bata. Kutsogolo kwenikweni kuli bokosi lokutidwa ndi golide, limene amakhulupirira kuti muli mafupa a anzeru a kum'mawa aja. Mafupawo anabwera kuchokera ku Milan, mzinda wa ku Italy, mu 1164, ndipo chifukwa cha khamu la anthu odzawaona, anayamba kumanga tchalitchichi mu 1248. Kenako ntchito inaima. Chimakina chamatabwa chokwezera miyala chinatsala pamwamba pa nsanja yosamalizidwa kwa zaka pafupifupi 400, ana kubadwa, kukalamba ndi kumwalira akuchiona pomwepo. Anayambiranso mu 1842, n'kumaliza mu 1880. Zaka 632!

Nditamva zimenezi ndinakhala pa benchi, mtima uli kwathu. Bambo ndiwo anakumba maziko a tchalitchi cha m'mudzi mwathu. Akhristu anaumba njerwa, amayi akutunga madzi ku dambo, makoma mpaka kufika pa lintala. Ndalama za malata zinasowa. Udzu unamera m'kati, mbuzi zikugonamo, ndipo anthu ena ankawaseka bambo akamadutsa ndi chikwama chawo cha zida. Anatisiya tikupempherabe pansi pa mtengo wa mango. Kwa zaka zambiri ndinkachita manyazi ndi makoma amenewo, ndipo lero zimandipweteka kuti ndinkatero.

Masana ndinakwera nsanja yakummwera, masitepe 533 ozungulira, opapatiza moti munthu wotsika umachita kumupatsa njira. Masitepewo anakumbika pakati chifukwa cha mapazi a anthu. Ndinapumira pamene pali belu lalikulu la Petulo Woyera, lolemera matani 24, mawondo akunjenjemera. Pamwamba mphepo inali yoluma, mtsinje wa Rhine uli pansi, sitima zikuwoloka mlatho wa Hohenzollern.

Pompo ndinatulutsa foni n'kuwaimbira amayi.

"Amayi, kodi tchalitchi cha bambo chija chili pati?"

Anakhala kaye chete. "Tinafolera theka, mwanangu. Mvula ikabwera timaunjikana mbali imodzi."

Ndinawapempha kuti akafunse kwa akuluampingo kuti malata otsalawo ndi angati.