Ekizozi inandinamiza, foni ya alamu n'kundiyalutsa

Anthuni mundiseke koma mumve kaye mmene zinayambira. Ine ndili ndi ka Lifo kanga ka 125cc, ndimapangira kabaza kuchokera ku Chinsapo kupita mtauni, kanjinga kaulemu kosadya petulo. Ndiye tsiku lina pa msewu wa Likuni kamnyamata kena kanandidutsa ndi njinga yolira ngati ndege ikunyamuka ku KIA, mayi amene ndinawanyamula n'kundifunsa kuti "achimwene, yanuyi ikudwala?" Usiku umenewo tulo sindinatione.

Loweruka ndinalawirira ku Biwi, kuja amadzutsa ngakhale galimoto yoti inafa nthawi ya Kamuzu. Makaniko wina anandikhazika pa tayala n'kuyamba kundiphunzitsa. Akuti injini ili ngati munthu, imafuna kupuma, koma a fakitale amaika tizitsulo mkati mwa ekizozi toletsa phokoso ndiye utsi umatuluka mofinyika. Tikachotsa tizitsuloto mpweya uyenda bwino, koma petulo achepa poyerekeza ndi mpweyawo, pulagi iyera mbee injini n'kumatentha, choncho mu kabuleta, muja musakanikirana petulo ndi mpweya, tiikemonso jeti yokulirapo, kachitsulo ka bowo lodutsira petulo. Mpaka apa munthuyo sananame ayi. Vuto linali loti jeti yokulirapoyo analibe, anangotenga yanga yomwe ija n'kukuza bowo lake ndi kadirilo, muyezo wake linali diso basi.

Ndinamufunsa kuti mphamvu iwonjezeka bwanji, iye osaphethira n'komwe, "akulu, ma horsepower atatu osachepera." Kanjinga koti konse kali ndi pafupifupi 10! Ine m'malo modabwa ndinamuonjezera ya Fanta.

Koma pamenepo itangolira, eee. Nkhuku zinabalalika, amayi ogulitsa mandasi anagwira m'makutu, ine chifuwa chinatukuka ngati ndawina chisankho.

Tsono ine si munthu wongokhulupirira zinthu, ndimafuna umboni. Anzathu akunja amayeza pa makina otchedwa dyno, tayala lakumbuyo limazungulitsa chimgolo kompyuta n'kumalemba mphamvu. Dyno yanga ine inali alamu anga ndi stopwatch ya pa itel yawo yosweka sikirini. Lachisanu tinali titayeza kale ku bypass, kuyambira pa polo ina ya magetsi mpaka pa chikwangwani, alamu atakwera kumbuyo, tinapeza masekondi 41.

Lamulungu titachoka ku tchalitchi tinabwererako. Ndinakoka moto, phokoso lokhalo mumati ndikuthamanga 120, alamu akukuwa kumbuyo sindikumva kanthu. Tikuima, 35! Ndinavina pamsewu pomwepo ndi suti ya ku tchalitchi, ndinawagulira alamu tchipisi cha mazira awiri, ndinaikanso pa status kuti "Lifo yasanduka chilombo."

Alamu anadikira kaye mpaka tchipisi chithe, anthu ena nzeru zawo. Akupukuta m'manja n'kumati "koma alamu, Lachisanu paja tinayambira pa chikwangwani kupita ku polo kapena pa polo kupita ku chikwangwani? Chifukwa lero tinali kutsetsereka, mphepo nayo imatikankha."

Ndinangoti tiyeni tibwereze, mawu atachepa.

Ulendo uno pokwera. Giya wani bwinobwino, thuu bwinobwino, koma nditangotsegula moto wonse njinga inayamba bwu-bwu-bwu ngati munthu watsamwa nsima, utsi wakuda kumbuyo, alamu akutsokomola. Bambo wina wa njinga yakapalasa atanyamula matumba a makala tinayenda naye limodzi kanthawi ndithu, mpaka anatipatsa moni. Masekondi 48. Ndinati foni yanu ndi yabodza, tinabwereza, 49. Tinabwerezanso kachitatu koma sitinafike pa chikwangwani, petulo anatha ndi wa rizevu yemwe, chonsecho m'mawa ndinathira malita awiri a pa bulaki, okwana kuyendera tsiku lonse.

Kukankha njinga dzuwa la Okutobala uli mu suti ndi skuna yothina, alamu ali pambuyo akujambula vidiyo.

Lolemba mdala wina wokonza njinga kwathu ku Chinsapo anamasula pulagi n'kundionetsa, yakuda bii ngati kunsi kwa poto. Anati injini ikumira ndi petulo. Lilongwe ili pamtunda, kupitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya wa kuno ndi wopepukirapo, ndiye njinga imakhala ikulandira kale petulo wokwanira, iwe n'kukaboolanso jeti. Ndipo jeti ukaikuza sibwerera, ugule ina. Anandifunsa kuti nanga tizitsulo ta mu ekizozi tili kuti, tiwotchererenso.

Ndinakwera minibasi kubwerera ku Biwi, kabaza wathunthu pa minibasi. Makaniko uja anandilandira ndi chimwemwe, "akulu, chilombo chikuti bwanji?" Nditafunsa za tizitsulo tanga analoza pakona. Anali atatisanja pa mbaula, pamwamba pake akuotcha chimanga, ndipo anandigulitsa chimodzi.