Kagalimoto koyenda m'ngalande kandiphunzitsa zomwe ndinkangoloweza

Holide yapitayi anzanga ankati ndapenga, munthu wamkulu wa kukoleji ophunzira zamagetsi kumakhala pakhonde ku Chiputula kuno ndikusema kagalimoto kachidole, mayi anga mpaka anafunsa ngati mawaya a ubwana aja sanandikwane kkkk. Koma ineyo ndikuti miyezi iwiri imeneyi ndamvetsa zinthu zomwe ndakhala ndikuloweza kuyambira fomu 3 osadziwa kuti zimatanthauza chani.

Tigalimoto timeneti amatitcha ma slot car, ndinationa koyamba pa YouTube usiku wina bundle itatsala pang'ono kutha. Nsewu wake umakhala ndi kangalande pakati, mbali ziwiri za kangalandeko kuli tizitsulo tomwe mumadutsa magetsi a 12V, ndiye pansi pa galimoto kutsogolo kuli kalilime kolowa m'ngalandemo ndi timabulashi tiwiri ta kopa tokhudza tizitsulo tija. Chiwongolero palibe, iweyo ntchito yako ndi kupereka moto ndi kuchepetsa basi, ukafika pakona uli pa liwiro kalilime kamatuluka galimoto nkukagwera uko. Kampani yotchuka ndi Scalextric ya ku England, anayiyambitsa Fred Francis mu 1957, ndipo galimoto zawo zoyamba zinali za malata, Ferrari ndi Maserati 250F. Maserati imeneyo ndiyomwe Juan Manuel Fangio anawinira nayo ukatswiri wa dziko lonse chaka chomwecho cha 1957, kuphatikiza mpikisano otchuka uja wa ku Nürburgring ku Germany. Nditaiona pachithunzi, yofiira, yaitali ngati ndudu, matayala ali panja, ndinati ndipanga imeneyi.

Kugula seti yeniyeni ndiye iwalani, ndalama yake ndilibe ndipo m'mashopu mtauni muno sindinaione. Ndiye chilichonse chinali chotola.

Masamu anayamba tsiku loyamba lomwe. Ambiri amapanga pa sikelo ya 1:32, kutanthauza kuti muyezo ulionse wa galimoto yeniyeni ugawe ndi 32. Maserati 250F kuchoka pa tayala lakutsogolo kufika lakumbuyo ndi mamilimita 2280, kugawa ndi 32 zikubwera 71, ndiye kagalimoto konse kakukwana m'dzanja. Bodi ndinasema pa kachidutswa ka paini wa ku Chikangawa komwe ndinapempha kwa akalipentala apafupi ndi kwathu, kusema panja sikunavute, chovuta ndi kukumba mkati kuti mota ilowe osaboola, yoyamba inang'ambika pa mphuno ndili pafupi kumaliza, ndinakhala kaye chete mphindi zingapo ndisanayambenso ina. Chasisi ndinapanga ndi paipi ya PVC yomwe ndinaiotcha pa mbaula nkuipsinja ndi njerwa kuti ikhale fulati. Akatswiri a m'ma 1960 ankapangira brass ndi waya wa piyano, ine PVC ndiyomwe inalipo.

Mota yoyamba ndinachotsa mu kagalimoto kachidole kakufa ka mphwanga. Ndinangoilumikiza ku adaputa ya 12V, inalira bwino masekondi ochepa kenako kafungo, kautsi, basi yapita. Ndinaitenga kupita nayo kwa madala ena okonza mawailesi kumsika, anangoinunkhiza nkuseka. "Aphiri, iyi ndi ya mabatire awiri, 3V, inu mwaipatsa 12, mumati itani?" Ndinachita manyazi chifukwa Ohm's law ndinakhoza pa mayeso, koma sizinandibwerere m'mutu kuti waya wa mkati mwa mota ya 3V uli ndi resistance yochepa ndiye ukachulukitsa voteji kanayi current nayo ikwera mpaka vanishi wa pa waya kupsa. Anandipatsa ina yochokera mu printer yakale pamodzi ndi timagiya take, ndinati yewo chomene dada, iwo akuti mudzabwere nayo tidzaione ikuthamanga.

Pomwe ndanyadira kwambiri ndi pa kontirola, kachipangizo kogwira m'manja koperekera ndi kuchepetsera moto. Zakale zija mkati mwake mumangokhala waya wa resistance okulungidwa, ndi kachitsulo koyenda pamwamba pake ukamakoka chala, ndipo zambiri za tigalimoto ta 1:32 zimakhala za ma ohm apakati pa 45 ndi 60. Ndinakhala masiku ndikuganiza kuti ndiipeza kuti, kenako tsiku lina ndikuona hotipuleti yakufa kuseri kwa nyumba, ija ya waya opota ngati sipuling'i, mutu unangoti phwii. Ngati ndi ya 1000W pa 230V, resistance yake ndi 230 kuchulukitsa 230 kugawa ndi 1000, pafupifupi ma ohm 53. Ndendende yomwe ndikufuna! Fomula imeneyi ndinailemba kambirimbiri m'kope koma tsiku limenelo ndi pomwe inandigwirira ntchito koyamba. Ndinaongola wayayo, kukulunga pa kachidutswa ka tailosi mosamala kuti mizere isakhudzane, kuyeza ndi multimeter yobwereka, zinatheka. Imatentha ndithu ukamayenda pang'onopang'ono nthawi yaitali, chifukwa moto omwe sukupita ku mota ukuthera pa wayapo, m'mawa wa Julaye wa Mzuzu kuzizira kuja umachita kuothera zala.

Buleki ndiye inandidabwitsa. Ukasiya chala, kontirola imadula magetsi nkulumikiza mawaya awiri a mota pamodzi, ndipo galimoto imaima msanga ngati wina waigwira. Poyamba ndinkaona ngati matsenga, kenako ndinakumbukira back EMF ija aphunzitsi ankanena ife tikusinza, mota yomwe ikuzungulirabe imasanduka jenereta, ukaitsekera njira current yake yomwe imalimbana ndi kuzungulirako. Ndinayesa kuchotsa waya wa bulekiyo, galimoto inkangoseleleka mpaka kukatuluka pakona.

Nsewu ndinapanga pa pulayiwudi, ngalande akalipentala aja anandidulira ndi rauta, makina awo okumbira mizere m'matabwa, mamilimita atatu m'lifupi. Tepi ya kopa yomwe anzathu akunja amamata sindinaipeze, ndinasenda kebulo ya eriyo ya TV nkutenga ukonde wa kopa wa mkati uja, kuupsinja ndi botolo nkumata ndi guluu. Timabulashi tapansi pa galimoto ndi ukonde omwewo. Ulendo oyamba galimoto inathamanga chammbuyo, mawaya ndinasemphanitsa, mphwanga anaseka mpaka kugwa pansi.

Itayamba kuyenda ndinkaganiza kuti ndamaliza, kumene ndi pomwe sukulu imayamba. Ndinali nditaika giya ya mano 12 pa mota ndi ya 24 pa ekiselo poganiza kuti ikhala yothamanga, koma inkanyamuka mwaulesi, mota kutentha, ndipo nsewu wanga ndi waufupi moti isanafike pa liwiro lake kona yafika kale. Zogula zambiri zimabwera ndi mano 9 kwa 27, ndiye kuti mota izungulire katatu tayala kamodzi. Nditapeza ya 10 ndi 30 zinasintha zonse, kunyamuka msanga, buleki nayo kugwira kwambiri. Ndinawerengetsa mongosewera kuti mota ya 18,000 rpm (kuzungulira ka 18,000 pa mphindi) ngati zomwe zimakhala mu Scalextric zambiri, pa 3:1 ndi tayala la mamilimita 21, ikhoza kufika pafupi makilomita 24 pa ola, kachinthu kokwana m'dzanja, nchifukwa chake pakona kamauluka.

Ndipo kuuluka kumeneko ndi komwe kunandidyera masabata. Tigalimoto tamakono amaika maginito pansi kuti tizikakamira ku tizitsulo ta nsewu, koma zakale zija munalibe, komanso nsewu wanga ndi wa kopa ndipo maginito sagwira kopa, ndiye kubera kunalibe. Matayala akumbuyo ndinadula pa mphira wa patapata, ooneka ozungulira ndi maso koma galimoto inkadumphadumpha ngati kabaza pa nsewu wa fumbi wa ku Mchengautuba. Mankhwala ake ndi kuika sandipepa pansi, kugwira galimoto matayala akuzungulira nkumakhudzitsa pang'onopang'ono mpaka atazungulira zenizeni. Kenako bodi ya paini ija inali yolemera pamwamba, pakona inkagubuduka m'malo moseleleka. Ndinakumbanso mkati mpaka kupyapyala, nkupempha kamtovu kobalansira matayala kwa okonza matayala ku Luwinga, kudula tizidutswa nkumata pansi penipeni pa chasisi. Ukaika kumbuyo kwambiri kalilime kamatuluka, ukaika kutsogolo kwambiri matako amavina, ndinkasuntha pang'ono, kuyesa maulendo khumi mphwanga akuwerenga nthawi pa foni, kulemba m'kope, kusunthanso. Chizolowezi chosintha chinthu chimodzi pa nthawi ndachiphunzira pamenepa, chifukwa tsiku lina ndinasintha matayala, mtovu ndi timabulashi kamodzi, inayenda bwino koma mpaka lero sindidziwa chomwe chinathandiza.

Chinyezi cha kuno nachonso, kopa amada msanga, m'mawa uliwonse ndimayamba ndapukuta nsewu ndi kansalu apo ayi galimoto imangoima pakati. Magetsi akathima ndimalumikiza ku batire ya njinga yamoto ya achimwene, nayo ndi 12V, ndipo imayenda bwino kuposa pa adaputa, kungoti ndinaikapo fyuzi chifukwa batire ikashota siseka.

Loweruka ndinapita nayo kumsika kwa madala aja, bodi yofiira ndi penti ya zikhadabo ya asisi. Anaitembenuza, kuzungulitsa tayala ndi chala, nkunena kuti ekiselo yakumbuyo ikugwedera m'mabowo a PVC, ndipeze timachubu ta kopa ndilowetsemo. Anapatsa kale mwana wawo ntchito yosaka mu bokosi la mawailesi akufa, akuti eriyo ya wailesi ija yokoka ili ndi timapaipi ta saizi zosiyanasiyana, kamodzi kakwana.