Cobalt mu ma quantum dot: nkhani yagona pa malo amene wakhala

Masiku ano ndili kalikiliki ndi ma quantum dot othiridwa cobalt, ndiye ndati ndilembeko zomwe zandigwira mtima zisanandithawe.

Kwa amene simunakumanepo nawo, ma quantum dot ndi timakristo tating'onoting'ono ta semiconductor (zinthu zodutsitsa magetsi pang'ono chabe), mwina ma nanometer 2 mpaka 10. Tikachepa chonchi, elekitironi imasowa poyenda, band gap (mphamvu yomwe elekitironi imafunika kuti idumphire pa level yapamwamba) imakula, ndipo mtundu wa kuwala umasintha malinga ndi kukula kwa kadotiko. Ekimov, Brus ndi Bawendi analandira Nobel mu 2023 chifukwa cha zimenezi.

Koma ine chomwe chandikoka ndi doping, kutanthauza kulowetsa dala ma atomu ochepa a mtundu wina mu kristo. Tengani zinc oxide (ZnO), band gap yake ndi pafupifupi 3.37 eV, ndi yoyera basi. Mukalowetsamo cobalt (Co2+) pamalo a zinc (Zn2+) amakwanamo bwinobwino chifukwa kukula kwawo n'kofanana ndithu, 0.58 ndi 0.60 angstrom. Cobalt akakhala pakati pa ma oxygen anayi, ma elekitironi ake 7 a mu 3d amayamba kumwa kuwala cha pa 565, 610 ndi 660 nm, ndiye chinthu chija chimakhala ndi mtundu. Izi si zalero ayi, Sven Rinman anapanga utoto wobiriwira kuchokera ku zinc oxide ndi cobalt kale mu 1780, ma elekitironi asanadziwike n'komwe.

Kuwala komwe kadoti kamatulutsa nthawi zambiri kumazilala cobalt akalowa, chifukwa amabweretsa ma level ake mkati mwa gap ndipo mphamvu ija imathawira kumeneko. Manganese mu zinc sulfide amachita zina, amawala olenji cha pa 585 nm. Ndiye ngati mukufuna kadoti kowala kwambiri cobalt si mnzanu.

Phindu lake lili ku maginito. Co2+ ali ndi spin (kamaginito ka ma elekitironi ake) ya 3/2, ndipo ma spin akewo amakokana ndi ma elekitironi a mu band, zomwe amati sp-d exchange. Mukaika kadotiko mu maginito pa kuzizira kwambiri, ma level a exciton (elekitironi yodumpha pamodzi ndi dzenje lomwe yasiya) amagawanika kwambiri kuposa mmene akanachitira popanda cobalt. Gulu la Daniel Gamelin ku University of Washington linayeza zimenezi ndi MCD (muyeso wa mmene sampulo imamwera kuwala ili mu maginito), ndipo ineyo muyeso umenewu ndimaukhulupirira chifukwa cobalt wongomatirira kunja sangapereke chizindikiro chotere, amayenera akhale mkati mwenimweni.

Apa ndi pomwe pali mkangano. Mu 2000 Tomasz Dietl ndi anzake anawerengetsera kuti ZnO ndi GaN (gallium nitride) zokhala ndi manganese zitha kukhala ferromagnetic (maginito okhalitsa ngati a chitsulo) pa kutentha kwa m'chipinda, anthu anathamangira, mu 2001 kunatuluka malipoti a cobalt mu ZnO ndi mu TiO2 (titanium dioxide) akuti zatheka, aliyense akulota spintronics, zamagetsi zogwiritsa ntchito spin. Koma vuto ndi loti cobalt wachitsulo payekha ndi maginito kale mpaka kupitirira 1100°C, ndiye timibulu take tochepa chabe tikabisala m'sampulo makina aonetsa ferromagnetism pomwe XRD (muyeso wa X-ray woona kapangidwe ka kristo) sinaone kanthu. Pambuyo pake miyeso ya XMCD (MCD ya X-ray, yoona maginito a cobalt payekha) pa ma sampulo oyera bwino inaonetsa kuti cobalt wokhala pamalo a zinc amakhala paramagnetic (amaonetsa maginito pokhapokha ali mu maginito akunja), ndipo awiri akayandikana ma spin awo amaloza mosiyana n'kuthetsana. Enanso amati ma defect (zolakwika m'kapangidwe ka kristo) ndi amene akuchititsa ferromagnetism ija. Ine ndikaona pepala likunena za ferromagnetism popanda kusonyeza komwe cobalt wakhala, sindilikhulupirira, olo graph ikongole bwanji.

Chinanso chomwe ndinachita kuwerengetsera ndekha: kadoti ka ZnO ka 3 nm kali ndi ma atomu a zinc pafupifupi 600. Doping ya 1% ndiye kuti ma cobalt 6 okha pa kadoti, ndipo sagawana mofanana, kena kapeza 3 kena 9. Mukatsitsa mpaka avareji ikhale mmodzi pa kadoti, masamu a mwayi a Poisson akuti timadoti 37 pa 100 tilibe cobalt olo mmodzi. Komanso kristo ikamayamba kupangika imakana alendo, cobalt amalowa kadoti kakamakula, ndiye wambiri amathera chakunja. N'chifukwa chake ena amatsuka pamwamba kapena kukutira kadotiko ndi ZnO ina asanayambe kuyeza, ndipo kuchuluka kwa cobalt amakutsimikiza ndi ICP (muyeso wa kuchuluka kwa zitsulo m'sampulo), osangodalira zomwe anathira m'botolo.