Mmene ndinawerengera mchenga wa m'mwala wa ku Shamva

Mwalawu ndinautola cha ku Shamva ku Zimbabwe, wotuwa, wouma gwa. Nditafika nawo kunyumba ku Mufakose mumzinda wa Harare, agogo anautembenuza m'manja n'kuti, "Mdzukulu wanga, yotereyi ife tinkangoswa pamgodi, dzina osaifunsa." Dzina lake ndi greywacke, mwala wa mchenga womatana, wa m'gulu la miyala lotchedwa Shamvaian, wa zaka pafupifupi 2.65 biliyoni. Kukalasi ya maphunziro a miyala anatiuza kuti tipeze kumene mchenga wake unachokera.

Muyeso wathu unali miyala ya m'chidikha chotchedwa forearc basin. Kumene nthaka ya pansi pa nyanja imamira kunsi kwa inzake, kunyanja kumakhala chiphompho, kumtunda mzere wa mapiri ophulika, pakati pake chidikha. Phulusa ndi zibenthu za chiphalaphala zimakokolokera m'chidikhamo, kusanjikizana mpaka kusanduka mwala. Aphunzitsi sachoka pa chitsanzo cha Great Valley ya ku California, imene inkalandira mchenga kuchokera ku mapiri ophulika a Sierra Nevada m'nyengo za Jurassic ndi Cretaceous, mulu wake n'kupitirira makilomita 10 kuchindikala.

Kuti ndione mchengawo pa maikulosikopu, ndinayenera kudula kachidutswa kopyapyala, ndipo kudula sikunavute. Sowo ya dayamondi inanditulutsira kachidutswa konga bokosi la machesi, ndinasalaza mbali imodzi n'kukamata pagalasi ndi guluu wa epoxy. Chintchito chili popera. Umathira ufa wokhakhala wa carborundum ndi timadzi pagalasi lalikulu, n'kumazunguza kamwalako ndi zala mpaka katsale mamilimita 0.03, kuti kuwala kudutse. Koyamba ndinkakanikiza mbali imodzi, theka lonse linatha psiti, tsiku lathunthu n'kupita pachabe. Kachiwiri ndinkaima pafupipafupi kukasuzumira pa maikulosikopu. Quartz, umodzi mwa mitundu ya makristalo a mumchengawo, akamaoneka wachikasu ndiye kuti sunafike, pera ndithu. Akatuwa ngati phulusa, chotsapo dzanja.

Kenako kuwerenga, mwa njira ya Gazzi-Dickinson. Umasuntha galasi pang'ono, mofanana nthawi zonse, n'kulemba chimene chagwera pakati pa kamtanda ka mu maikulosikopu, osati chokongola chili pambalipo. Ine ndinawerenga malo 400. Plagioclase, mtundu wa kristalo wa feldspar, sabisala, ali ndi mizere ngati mbidzi. Lamulo limene linandizunguza mutu ndi ili: kristalo wopitirira mamilimita 0.0625, ngakhale atakhala m'kati mwa chibenthu cha chiphalaphala, umamulemba payekha, osati ngati chibenthu. Ndinalikumbukira nditafika cha pa 150, ndipo ndinayambiranso.

Mwala wakale chonchi unafinyidwa ndi kutenthedwa, moti zibenthu zofewa zinaphwanyika n'kumaoneka ngati matope apakati. Apa maso amanama. Ndinaitana mnzanga wa ku Highfield, tinakanganapo kangapo, mwachichewa chosakaniza ndi Chishona.

Pomaliza umaika zotsatira pa chithunzi cha ngodya zitatu chimene Dickinson ndi Suczek anachitchukitsa mu 1979: quartz pamwamba, feldspar ndi zibenthu pansi. Kadontho kanga kanagwera kutali ndi quartz, ine n'kulemba mwamatama kuti "forearc". Aphunzitsi anazunguliza mawuwo ndi cholembera chofiira. Anati galasi langosonyeza kuti pafupi panali mapiri ophulika, koma mtundu wa chidikha uyenera kukaumva kutchire, poyeza masanjidwe a miyala, kuona ngati mchenga wokhakhala uli pansi, wosalala pamwamba, ndi kumene madzi ankalowera.

Loweruka ndikukwera kombi kubwerera ku Shamva ndi tepi ndi nyundo. Agogo akuti ndiwatengereko wina wotsekera chitseko.