Lachitatu: mapointi 15, koma unamwino ayi

Lero sindinaphunzitse zomwe ndinakonza. Pa sikimu panali phunziro la mitsinje ndi nyanja kwa a Fomu 2, koma zomwe ndinakumana nazo m'mawa zinandikhala pamtima moti buku la Jogalafe sindinalitsegule n'komwe.

Nditangotsika pa kabaza ndinapeza mtsikana amene analemba MSCE pasukulu pathu pano chaka chatha atakhala pakhonde la sitafu, envulopu yakhaki ili pamiyendo. Ndi mmodzi mwa ana amene mphunzitsi saiwala. Ankachokera kutsidya kwa dambo, ndipo nthawi ya dzinja ankafika nsapato zili m'manja, siketi itanyowa mpaka m'mawondo, koma sanali wojomba. Anandipatsa moni atanyonyomala pang'ono.

"Madamu, a NCHE atulutsa chilengezo cha malo a m'mayunivesite. Ndabwera kuti mundithandize kusankha."

NCHE ndi bungwe la boma loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite. Tinalowa, n'kuyala kapepala ka zotsatira patebulo. Chingerezi 3, Chichewa 2, Jogalafe 2, Histole 2, BK 2, Zaulimi 4. Mapointi 15. Pansi pake panali Bayoloje 5 ndi Masamu 6. Pa CDSS ngati yathuyi zotsatira zotere timaziimbira nthungululu. Nditamufunsa chomwe akufuna kukaphunzira anayankha msangamsanga kuti unamwino, ku KUHeS, yunivesite ya maphunziro a zaumoyo. Akuti wakhala akuufuna kuyambira ali ku pulaimale, pomwe ankadikirira agogo ake kuchipatala.

Ndinayang'ananso kapepalako kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Nanga Kemisitiri ndi Fizikisi zili kuti?"

"Ndinazisiya polowa Fomu 3, madamu. Anzanga ankati n'zovuta, zidzangondiwonongera mapointi."

Ndinatenga foni n'kumuonetsa pomwe alemba zofunika pa maphunziro a zaumoyo. Kumeneko amayamba ayang'ana masayansi, mapointi amabwera pambuyo. Anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mizere, kenako anandifunsa ndi mawu otsika ngati ndiye kuti mapointi akewo alibe ntchito. Ndinamuuza kuti ali nayo ntchito yaikulu, ndipo ndimanena zoona, koma si pa khomo lomwe iye amafuna. Belu litalira ndinamupempha kuti adikire mpaka masana.

Ku Fomu 2 ndinalowa ndi choko chokha. Ndinawafunsa kuti ndi angati akufuna kudzapita kuyunivesite, manja onse m'mwamba. Udokotala, uinjiniya, uloya, wina kumbuyo anakuwa kuti upayiloti. Nditafunsa amene akudziwa mmene mapointi a MSCE amawerengedwera, manja anatsika, kalasi yonse zii. Ana awa alemba JCE chaka chomwe chino, akabwerera adzauzidwa kuti asankhe maphunziro a Fomu 3, ndipo ambiri adzasankha potsata komwe kwapita mnzawo wapamtima kapena pothawa mphunzitsi waukali.

Ndiye ndinalemba pabolodi. 1 ndi 2 ndi disitinkishoni. 3 mpaka 6 ndi kirediti. 7 ndi 8 wakhoza koma mopulumukira. 9 walephera. Amatenga maphunziro asanu ndi limodzi omwe wakhoza bwino n'kuphatikiza manambalawo, ndipo nambala ikachepa m'pamene zili bwino. Mapointi 6 ndiye pamwamba penipeni. Izi ena anali atamvapo. Chomwe chinawadzidzimutsa ndi chakuti mayunivesite a boma amafuna makirediti asanu ndi limodzi, ndipo imodzi mwa iyo ikhale ya Chingerezi. Mnyamata wina wa kutsogolo, katswiri wa masamu amene chimangirizo cha Chingerezi amalemba mizere isanu n'kuika cholembera pansi, anafunsa kuti nanga munthu atapeza 1 pa Masamu, 1 pa Fizikisi, koma 7 pa Chingerezi? Ndinamuuza kuti fomu yake siyipita patali. Anandiyang'ana ngati ndamunamiza. Ndinabwerezanso, chifukwa ndikufuna azikumbukire mawa akamalowa mu phunziro la Chingerezi.

Tinakambanso za mayunivesitewo. Makolo ambiri kuno amanenabe kuti Poly, Chanco, Bunda, KCN, ndipo ana amatengera momwemo. Ndinawafotokozera kuti kuyambira 2021 Poly ndi MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana n'kukhala KUHeS, ndipo dzina loti University of Malawi linatsalira ku Chancellor College ku Zomba. Bunda inakhala LUANAR kale izi zisanachitike. Kuwonjezera apo pali Mzuni ku Mzuzu ndi MUST ku Thyolo. Zonse pamodzi zisanu ndi imodzi, ndipo ofuna malo amapempha kudzera ku NCHE. Quota, yomwe inkagawa malo potengera boma lomwe munthu akuchokera, boma linalengeza mu 2020 kuti yatha. Mwana wa pano akupikisana ndi wa ku Dedza Government kapena ku Marymount, amene wakhala akugwira zipangizo za mu labu kuyambira Fomu 1. Sindinanene izi kuti ndiwafooketse. Ndimafuna adziwe kukula kwa mpikisano nthawi ikadalipo yoti achitepo kanthu.

Mtsikana wina anafunsa funso labwino kuposa onse: "Madamu, ndiye tiyambe liti kukonzekera?" Ndinamuuza kuti anayamba kale osadziwa. Masamu a Fomu 3 amakhazikika pa aljebra ya Fomu 1, ndipo amene anaizembera nthawi imeneyo amadzasiya masayansi osati chifukwa sawakonda koma chifukwa manambala amuthawa. Mayeso a MSCE amafunsa za Fomu 3 ndi Fomu 4 pamodzi, choncho amene amati Fomu 3 ndi chaka chopumira JCE amakhala wataya theka la ntchito. Ndinawapatsa ntchito yoti apite nayo kunyumba: aliyense alembe ntchito ziwiri zomwe akufuna kudzagwira, mawa tidzafufuze limodzi maphunziro omwe ntchitozo zimafuna.

Pa buleki nkhaniyi inafika mu sitafu, ndipo tinatsutsana kwambiri ndi aphunzitsi anzanga a sayansi. Iwo akuti ine ndikulankhula ngati sindikudziwa sukulu yomwe ndili. Labu tilibe. Titration, njira ya mu Kemisitiri yoyezera mphamvu ya mankhwala monga asidi, amaiphunzitsa pojambula pabolodi, ndipo ana ena amagwira burette, kachubu kagalasi koyezera mankhwalawo, koyamba masabata ochepa mayeso a pulakitiko asanafike, zipangizo zake zobwereka. Akuti kukankhira mwana wofooka ku Kemisitiri n'kumupatsa 9 ndi manja ako, pomwe akanatenga Histole akanapeza satifiketi yake bwinobwino.

Sindikuwatsutsa zonse. Alipo ana amene kusiya Fizikisi kunawapulumutsa, ndipo si mwana aliyense ayenera kukhala dokotala. Dziko likufunanso aphunzitsi a Chichewa, atolankhani, anthu a zamalamulo. Chomwe ndikukana ndi choti mwana wa zaka 15 asiye phunziro popanda munthu wamkulu womukhazika pansi n'kumuuza kuti ukasiya ili, unamwino wausiya, uinjiniya wausiya, kodi wavomera? Akavomera akudziwa, palibe mlandu. Koma mtsikana wa m'mawa uja anapeza 5 pa Bayoloje ndi 6 pa Masamu popanda womulimbikitsa. Ameneyo sanali wofooka. Anangosowa womuuza. Ana a m'tauni amene makolo awo anadutsa kukoleji amamva zinthu izi pa chakudya chamadzulo. Athuwa makolo awo ambiri analekezera ku pulaimale, amagulitsa mbuzi kuti alipire mayeso, ndipo amakhulupirira kuti zonse zofunika mwana auzidwa kusukulu. Ngati ife sitinena, sadzazimva kwina kulikonse.

Aphunzitsi aja sanagonje, inenso sindinagonje, koma pomaliza anati ngati ndingakonze msonkhano wa makolo a Fomu 2, iwo adzabwera kudzafotokoza mbali ya sayansi, zovuta zake ndi zabwino zomwe. Zimenezo zandikwanira.

Masana tinakhala pansi ndi mtsikana uja pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa ofesi, pomwe netiweki imagwirako. Bandulo inali yanga. Tinayamba ndi kuona ngati dzina la pa chitupa cha unzika likufanana ndi la pa kapepala ka MANEB, chifukwa chilembo chimodzi chikasiyana munthu amayenda maulendo osatha. Zinafanana. Kenako tinawerenga chilengezo chonse mzere ndi mzere, kusiya pambali zonse zofuna Kemisitiri ndi Fizikisi. Zotsala sizinali zochepa. Uphunzitsi wa zilankhulo ndi maphunziro a za chikhalidwe cha anthu ulipo ku UNIMA ndi ku Mzuni, ndipo ndi 2 wake wa Jogalafe ndi Histole ali ndi poyambira pabwino. Ndinamulangiza kuti asadzaze mipata yonse ndi mapulogalamu omwe aliyense akuthamangira, aikepo ndi ena omwe mwayi wake ndi wooneka. Ndinamutchuliranso Domasi College of Education ndi Nalikule, zomwe zimaphunzitsa aphunzitsi a sekondale.

Iye anakhala chete kanthawi, kenako anati mtima wake udakali ku unamwino. Ndinamuuza njira yomwe ilipo: kulembetsa ku open, kuphunzira Kemisitiri ndi Fizikisi, n'kudzalembanso mayeso. Sindinamubisire kuti imeneyo ndi ntchito ya Fomu 3 ndi Fomu 4 yomwe sanaigwirepo, kuti idzafuna fizi ina ndi nthawi, komanso kuti kunyumba kwawo angafunse kuti wakhoza kale, ukubwereranso kukatani. Anati akakambirana ndi amalume ake, ndiwo amamulipirira. Ndinamuuza kuti ngakhale asankhe kulembanso, fomu ya chaka chino aitumizebe, asataye mpata womwe uli kale m'manja.

Anafunsanso za ndalama, kuti atasankhidwa adzalipira ndi chiyani. Ndinamufotokozera za Loans Board, bungwe la boma lomwe limabwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa a m'mayunivesite, ndi kuti ngongoleyo amadzabweza akayamba ntchito. Anali asanamvepo. Analemba dzinalo kuseri kwa envulopu yake. Fomu sitinaimalize chifukwa foni inatha moto, ndipo ndalama yolipirira fomuyo anali asanaipeze. Abweranso Lolemba ndi yankho la amalume ake.

Ndisanaweruke ndinagogoda kwa ahedi. Ndinawapempha zinthu ziwiri: kuti makolo a Fomu 2 aitanidwe ana asanalembe JCE, ndiponso kuti mwana asamasiye phunziro polowa Fomu 3 popanda kholo kapena womuyang'anira kusainira. Choyambacho anavomera pomwepo, anati tichiphatikize ndi msonkhano wa PTA wa mwezi wamawa kuti makolo asayende kawiri. Chachiwiricho anati akufuna amve kaye maganizo a aphunzitsi onse Lachisanu.

Usiku uno ndakopera pamanja zofunika za mapulogalamu khumi omwe ana amatchula kawirikawiri, m'Chichewa, kuti makolo adzathe kutsatira. Ndikapeza pepala lalikulu mawa ndidzalembanso ndi maka n'kukhoma ku Fomu 1 ndi ku Fomu 2. Mabuku a Fomu 4 omwe ndinabwera nawo kuti ndichonge akadali m'chikwama, ndiwayamba m'bandakucha.