Sabata yomwe ndinayenda ndi wotchi m'manja

Lolemba mmawa a sisita wamkulu anandilanda jakisoni n'kundipatsa kope. Ati ndizitsatira odwala kuyambira pageti mpaka kufamase, ndizilemba nthawi yomwe akutaya pena paliponse. Ndi za KAIZEN ndi 5S zija, njira zokonzera kagwiridwe ka ntchito ndi malo ogwirirapo, zomwe anatiphunzitsa a JICA, bungwe la ku Japan lothandiza pa chitukuko.

Nzeruyi inabadwira kufakitale ya galimoto ya Toyota ku Japan, komwe injiniya Taiichi Ohno ankasakasaka chilichonse chodya nthawi pachabe: kudikira, maulendo osafunika, katundu wongounjika. Chipatala cha Virginia Mason ku Seattle chinaitengera mu 2002. Kunjako amaitcha lean.

Lachiwiri ndinatsatira mayi wina yemwe anabwera pa kabaza kuchokera kunyanja, mwana ali kumbuyo, thupi lili moto. Anaima pamzere wolembetsa buku, wa kwa dokotala, wa kulabu, anabwereranso kwa dokotala, kenako kufamase kukatenga LA. Kuyeza malungo ndi mRDT, kachipangizo koyezera magazi mwachangu, sikudutsa mphindi 20, koma mayiyo anatuluka dzuwa la Mangochi litapendeka. Pakati penipeni anandigwira mkono: "Anesi, ndiye ndilowerenso kuti?" Funso limenelo ndinalilembanso m'kope.

Lachitatu tinanyamula tebulo loyezera malungo n'kuliika pakhomo pa chipinda cha dokotala. Tinachotsa makatoni akale, tinamata mayina a mankhwala m'mashelefu. Lachinayi mzere unayenda ndithu, ngakhale a kulabu anang'ung'udza kuti tawasokonezera malo.

Usiku ndakhala ndikuwerenga pafoni zomwe ofufuza akupeza. Kafukufuku wambiri ndi wa ku America ndi ku Britain, wa kuno ku Africa ndi wochepa. Mu 2016 akatswiri a ku Saskatchewan ku Canada anasonkhanitsa zomwe ena anafufuza, ndipo sanapeze umboni wokwanira woti lean imachititsa odwala kuchira bwino kapena kukhutira. Pomwe inkaoneka kuthandizako ndi pa kayendedwe ka odwala, ndipo penanso ogwira ntchito ankadandaula nayo. Ine sindinadabwe. A Toyota amaitanitsa chitsulo n'kufika pa nthawi yake, pamene ife oda ya mankhwala timaidikira ngati mvula ya Okutobala.

Lachisanu a sisita anadzayendera famase. Anaima pashelefu ya amoxicillin, yopukutidwa bwino, dzina lomatidwa mowongoka, koma mulibe ngakhale botolo limodzi.

"Achemwali, m'kope mwanu muja izi mwalemba?"

Ndinatsegula tsamba lina.